Mavuto obwerabwera pa gap waveguide ndi kakonzedwe kake

Zida za gap waveguide, zomwe zimayendetsa mafunde a wailesi mumpata wa pakati pa mbale ziwiri zachitsulo, zikachoka kwa amisiri n'kufika pa tebulo loyezera, madandaulo ake sasintha. Pa kompyuta zonse zinali bwino, koma pa VNA (makina oyezera mafunde olowa ndi otuluka m'chida) mzere wa S11, woonetsa mphamvu yobwerera, wasunthira pambali, mphamvu ikutayika kuposa mmene munawerengetsera, kapena antena ikuloza kumene siyenera kuloza. Ambiri amabwerera msanga ku pulogalamu kukasintha kamangidwe. Komatu kawirikawiri kamangidweko kamakhala kolondola. Cholakwika chimakhala pa chitsulo chenichenicho, makamaka pa mpata wa pakati pa mbale ziwiri.

Luso limeneli analifotokoza mu 2009 Per-Simon Kildal wa ku Chalmers University of Technology, mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, pamodzi ndi anzake. Kampani ya Gapwaves ya mumzinda womwewo inachokera ku ntchito yomweyi. Lero lusoli limapezeka m'ma antena a radar ya magalimoto ya 76 mpaka 81 GHz, ndipo amapangira nalonso ma antena ndi mafyuluta a 28 GHz, 60 GHz ndi E-band, yomwe ndi 71 mpaka 76 ndi 81 mpaka 86 GHz.

Mbale ya pamwamba, chivindikiro, ndi yosalala. Ya pansi ili ndi njira ya mafunde, ndipo mbali zonse za njirayo kwandandalikidwa timisomali tachitsulo. Timisomaliti timaletsa mafunde kuyenda mumpata wa pakati pa mbale ziwirizo, choncho mafunde amangotsata njira yawo. Njirayo ikakhala mzere wachitsulo wotukuka ndi ridge, ikakhala ngalande pakati pa timisomali ndi groove, ndipo palinso mtundu wa microstrip. Mbalezo sizifunika kugundana, kuwotcherera sikufunika, masikuluwu ambirimbiri otsatana ndi njira safunikanso. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti mpata ungakhale uliwonse.

Manambala oti muwasunge pamtima:

- Utali wa funde, λ, ndi 10.7 mm pa 28 GHz, 5.0 mm pa 60 GHz, ndi 3.9 mm pa 77 GHz.
- Timisomali timatalika pafupifupi λ/4. Pa 77 GHz ndiye kuti pafupifupi milimita imodzi.
- Mpata wa pakati pa nsonga za timisomali ndi chivindikiro uyenera kuchepera λ/4, ndipo ojambula amauchepetsa kwambiri kuposa pamenepo.
- Timisomali timatchinga mafunde pa chigawo china chokha cha frequency, stopband. Yojambulidwa bwino, malire ake a kumtunda amafika pafupifupi kawiri a kumunsi. Mpata ukakula, stopband imafupika.

## Musanamasule sikuluwu iliyonse

Yambani mwatsimikiza kuti chimene mukuona si bodza la makina oyezera. Pa mafunde aafupi chonchi, flange (polumikizira chida ndi makina oyezera) yomangidwa molakwika imaoneka ngati chida chowonongeka.

- Lumikizani madoko awiri a VNA popanda chida pakati. S21, mphamvu yodutsa kuchokera pa doko lina kufika pa linalo, ikhale pafupi ndi 0 dB, kutanthauza kuti palibe yotayika. Kenako yezani kachidutswa kowongoka ka waveguide (paipi yachitsulo yoyendamo mafunde) komwe mumakadziwa kale.
- Ma extender, mabokosi okweza frequency ya VNA, alekeni atenthe kaye musanachite calibration (kuchuna makinawo kuti aziyeza molondola), ndipo mukatha musasunthe zingwe.
- Masulani flange n'kumanganso katatu. Ngati mzere ukusintha nthawi iliyonse, vuto lili pa flange, osati m'chida.
- Flange yozungulira ya mtundu wa UG-387 imapendekeka mukamanga sikuluwu imodzi mpaka kuthina zinazo zikadali zomasuka. Mangani pang'onopang'ono modumphitsa, iyi kenako yoyang'anizana nayo, ma dowel (timapini toyang'anizitsa mbali ziwirizo) ali m'malo mwake.
- Onani kukula kwa bowo. Ma flange a waveguide za saizi ya WR-15, WR-12 ndi WR-10 amalowana bwinobwino chifukwa mabowo a masikuluwu ali pamalo ofanana, koma mkati mwake ndi mosiyana: 3.76 ndi 1.88 mm, 3.10 ndi 1.55 mm, 2.54 ndi 1.27 mm. Cholakwika ichi chimachitika m'malabu abwino omwe.

## S11 yakwera kapena yasunthira pambali

Ili ndiye dandaulo lalikulu. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Mpata si umene unajambulidwa. Pa ridge, mafunde amapanikizika pakati pa msana wa ridge ndi chivindikiro, ndipo impedance ya njirayo (mmene imakanira mafunde, yoyezedwa mu Ω) imadalira kutalika kwa mpata poyerekeza ndi kufutukuka kwa ridge. Ngati munajambula mpata wa 0.25 mm koma wapezeka 0.30 mm, kusiyanako ndi 0.05 mm basi, pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi, komabe mpatawo wakula ndi maperesenti 20. Malo onse olumikizira amene anakonzedwa kuti agwirizane ndi impedance yoyamba ija amayamba kubweza mphamvu. Groove imapirira kwambiri pa nkhaniyi chifukwa mafunde ake amakhala m'ngalande, n'chifukwa chake vuto lomwelo limaoneka laling'ono pa groove koma lalikulu pa ridge.

Chimene chimasokoneza mpata kawirikawiri ndi izi: timinga tachitsulo totsalira m'mphepete pamene chivindikiro chimakhala, kanyenyeswa kamodzi kotsalira pokhalapo, chivindikiro chopyapyala chomangidwa m'mbali mokha kotero kuti pakati chatukuka, kapena mbale yomwe inapindika itachotsedwa pa makina osemera chifukwa chitsulo chochuluka chinachotsedwa mbali imodzi.

Kuyesa kwake kosavuta: chida chili pa VNA, kanikizani pakati pa chivindikiro ndi kandodo ka pulasitiki uku mukuyang'ana mzere. Ukasuntha, mpata sunagwiridwe. Kenako tsegulani, yezani kutalika kuchokera pokhala chivindikiro kufika pa msana wa ridge pamalo angapo, pakati ndi m'makona, ndi makina oyeza ndi kuwala kapena CMM (makina oyeza pokhudza ndi kansonga). Kusalala kwa chivindikiro kuyezeni pa mwala wa granite. Musalowetse feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mpata) pakati pa mbale zokutidwa golide kapena siliva, imakanda zokutirazo ndipo imapinda timisomali.

Kukonza kwake: chotsani timinga pansi pa maikolosikopu, tsukani ndi isopropyl alcohol, umitsani ndi mpweya wouma wosefedwa. Thonje lisafike pa timisomali, ulusi wake umakodwa. Ngati chivindikiro chikutukuka, pafunika chokhuthala, kapena mizati ndi masikuluwu owonjezera mkati mwa dera la timisomali, kuseri kwa mizere iwiri kapena itatu kuchokera pa njira. Masikuluwu amangidwe ndi chida choyeza torque, kuyambira pakati kupita kunja.

2. Polowera mafunde pasemphana. Posinthira kuchokera ku waveguide wamba kupita ku ridge pamakhala timasitepe kapena kabowo kolumikizira, ndipo pamenepa m'pamene pamafuna kulondola kwambiri m'chida chonse. Ngati mbalezo zikungodalira masikuluwu kuti ziyang'anizane, zidzasemphana, pakuti bowo la sikuluwu limakhala lotakasuka. Pafunika ma dowel awiri. Onani ngati mabowo a ma dowel sanakule chifukwa chomasula kawirikawiri.

3. Makona ozungulira. Chosemera chonenepa 0.5 mm chimasiya makona a mkati ozungulira ndi radius ya 0.25 mm. Chida choumbidwa m'chikombole, kaya cha pulasitiki kapena cha chitsulo chosungunula, chimakhala ndi timisomali tonenepa kumunsi n'kuwonda kunsonga kuti chituluke m'chikombolemo. Ngati chojambula cha pa kompyuta chili ndi makona akuthwa ndi timisomali towongoka, si chida chimene chili pa tebulo. Lowetsani miyezo yeniyeni m'pulogalamu, muone ngati mzere wake ukufanana ndi wa pa VNA. Ukafanana, mwapeza chifukwa.

4. Kukhuthala kwa zokutira sikunawerengedwe. Zokutira za 5 µm mbali iliyonse zimachepetsa kabowo ndi 10 µm. Pa njira yowongoka si kanthu, koma pa kabowo ka antena kapena ka fyuluta zimaoneka.

5. Kamangidwe kenikeni n'kolakwika. Zimachitika, koma fikani pano pomaliza. Yang'anani mesh (timagawo timene pulogalamu imagawa chojambula) ya mumpata, chifukwa mpata wopyapyala umafuna timagawo tokwanira, ndi kukula kwa port, polowetsera mafunde m'pulogalamuyo.

Ngati mzere uli ndi timapiri tobwerezabwereza motalikirana mofanana, pali malo awiri amene akubwezerana mphamvu. Mtunda wa pakati pawo ndi pafupifupi liwiro la kuwala kugawa ndi kawiri kutalikirana kwa timapirito. Timapiri totalikirana 3 GHz ndiye kuti malowo atalikirana pafupifupi 50 mm, 1.5 GHz ndi 100 mm. Time domain ya VNA, yoonetsa mtunda wa pamene mphamvu ikubwerera, imathandizanso. Mukayeza kuyambira 60 mpaka 90 GHz imasiyanitsa malo otalikirana 5 mm kapena kuposerapo pang'ono. Pa groove mitunda imeneyi muitenge ngati yongoyerekeza, chifukwa liwiro la mafunde m'ngalande limasintha ndi frequency.

## Mphamvu ikutayika kwambiri

Siyanitsani kaye mphamvu yobwerera ndi yotayika. S11 ya −10 dB imangodya pafupifupi 0.46 dB pa S21. Ngati S11 ili bwino koma S21 yatsika ndi ma dB angapo, mphamvu ikusanduka kutentha m'chitsulo kapena ikudontha. Njira yodalirika yodziwira kutayika kwa njira yokha ndi kuyeza zidutswa ziwiri zofanana zonse koma zosiyana utali. Kusiyana kwa S21 yake kugawa ndi kusiyana kwa utali kumakupatsani ma dB pa sentimita, popanda kusokonezedwa ndi polowera.

1. Pamwamba pa chitsulo ndi pokhakhala. Pa 77 GHz magetsi amayenda m'kachikopa ka kopa kokhuthala pafupifupi 0.24 µm. Kukhakhala kukafika kapena kupitirira pamenepo, magetsi amakwera ndi kutsika timapiri, ndipo kutayika kungafike pafupifupi kawiri. Zosemedwa ndi EDM (kusema ndi tizimoto ta magetsi) ndiponso zitsulo zopangidwa pa 3D printer zimakhala zokhakhala zikapanda kusalazidwa. Pa ridge, malo ofunika ndi msana wa ridge ndi chivindikiro pamwamba pakepo. Chivindikiro ndiye chimaiwalika: anthu amasamala mbale ya timisomali chifukwa ndi yodula, n'kuvindikira ndi mbale yokhala ndi mizere ya chosemera.
2. Zokutira n'zopyapyala kapena n'zolakwika. Golide kapena siliva akhale wokhuthala katatu mpaka kasanu kuposa kachikopa kaja, kutanthauza 1 µm kapena kuposerapo. Golide wopyapyala pamwamba pa nickel amalola magetsi kufika pa nickel, yomwe imataya mphamvu kwambiri. Pokutira ndi magetsi, chitsulo chimachuluka pansonga n'kuchepa pansi pa ngalande ndi pakati pa timisomali. Pa chida cha pulasitiki zimenezi n'zoopsa, popeza pansi pa zokutirazo palibe chitsulo china. Pemphani okutira ayeze kukhuthala kwa zokutira ndi XRF (makina a X-ray) pansi pa ngalande, osati pamalo oonekera pokha.
3. Pulogalamu inapatsidwa chitsulo china. Kopa amapititsa magetsi pa 5.8×10⁷ S/m, aluminiyamu wa 6061 pafupifupi 2.5×10⁷, brass pafupifupi 1.5×10⁷. Ndiye njira ya 6061 imataya pafupifupi kamodzi ndi theka kuposa ya kopa, ya brass pafupifupi kawiri. Ngati munasiya PEC (chitsulo chongoyerekeza chosataya mphamvu) m'pulogalamu, palibe chodabwitsa.
4. Mpata wa ridge wachepa. Mpata ukachepa, magetsi amapanikizika ndipo kutayika kumakwera.
5. Litsiro. Mafuta a pa makina osemera, zidindo za zala, siliva wakuda. Aluminiyamu wa mkati asachitidwe anodise, chikopa chake sichipititsa magetsi.

Zonsezi zikakhala bwino, mphamvu ikudontha. Pitani ku gawo lotsatirali.

## Timaenje topyapyala pa mzere wa S21, kapena njira zoyandikana zikumvana

1. Mukugwira ntchito m'mphepete mwa stopband. Chizindikiro chake n'chakuti timaenje tasonkhana kumapeto kumodzi kwa band, pakati pali bwino. Kawirikawiri mpata wakula ndipo stopband yafupika. Malire ake a kumtunda sangapitirire frequency imene utali wa kamsomali kuphatikiza mpata umakwana λ/2. Bwererani ku kuyeza mpata.
2. Mizere ya timisomali yachepa. Mizere iwiri kapena itatu imakwanira pa ntchito zambiri. Koma m'njira zodyetsa antena malo amachepa, ndipo ojambula amakakamizika kusiya mzere umodzi pakati pa njira ziwiri. Zikatero kumvana kwina kumakhalapo ndithu, ndipo mpata ukangokula pang'ono kumakwera. Sikuluwu singakonze zimenezi, pafunika kujambulanso.
3. Kamsomali kathyoka, kapindika, kapena sikanadzaze m'chikombole. Unikani ndi tochi mopendekeka kwambiri kuti timisomali tiponye zithunzithunzi, kosiyana ndi tinzake kamaoneka msanga. Kamsomali kosowa pafupi ndi njira kamasiya kachipinda komwe mafunde amazunguliramo pa frequency imodzi, ndiye kadzenje kaja. Kopindika musakawongole ndi pulayazi ngati kali kokutidwa, zokutira zimang'aluka patsinde.
4. Pali bwalo lopanda timisomali. Mozungulira mabowo a masikuluwu, m'makona, kapena pamene wojambula anaona kuti sipadutsa kanthu. Malo apululu otakasuka kuposa theka la λ akhoza kusunga mafunde. Pongoyesa, ikanipo kachidutswa ka absorber, chomwera mafunde. Kadzenje kakatha, padzazidwe timisomali m'chida chotsatira.
5. Ridge yotakasuka yadzutsa mode ina, kayendedwe kena ka mafunde kosafunika. Zimachitika pokhota kapena pogawikana pamene mbali ziwiri sizikufanana.

Kuti mudziwe ngati mafunde akutulukira kunja, yendetsani kukamwa kwa waveguide yotsegula mozungulira msoko wa mbale ziwirizo, yolumikizidwa ku doko lachiwiri la VNA. Pamene mzere wakwera m'pamene pakudontha.

Chinthu china chimene chimaopsa anthu pachabe: nsonga ya kamsomali ikagunda chivindikiro, nthawi zambiri palibe chowonongeka. Chimene sichiyenera kugunda chivindikiro ndi ridge, chifukwa pamenepo njira yatsekeka.

## Antena ikuloza pambali, sidelobe zakwera, kapena gain yatsika

Ma antena ambiri a mtunduwu ali ndi mbale zitatu: ya pansi yogawa mphamvu, ya pakati yokhala ndi timazipinda, ndi ya pamwamba yokhala ndi timabowo totulutsa mafunde, kawirikawiri tinayi pa kachipinda kalikonse. Pakati pa mbale zonsezi pali mipata, ndiye mipata yoti ilakwike ilipo iwiri.

Onani kaye poyezera. Antena yotalika 100 mm pa 77 GHz imafuna mtunda wa pafupifupi mamita 5 kuti muyeze bwino, malinga ndi lamulo la 2D²/λ (D ndi utali wa antena), ndipo mtanda wa mafunde ake ndi wopyapyala pafupifupi madigiri 2. Chogwirira chikapendekeka digiri imodzi, gain, mphamvu imene antena imalunjikitsa kutsogolo, imaoneka yotsika. Dziwaninso kuti antena yodyetsedwa mofanana paliponse imakhala ndi sidelobe (kamtanda ka m'mbali mwa mtanda waukulu) yoyamba pafupi ndi −13 dB. Limenelo si vuto, ndi chibadwa chake. N'chifukwa chake ma antena amakona anayi a E-band ena amawatembenuza madigiri 45 kuti akwaniritse zofuna za ETSI, bungwe la ku Ulaya loika miyezo ya zida zolumikizirana, pakuti chopingasa sidelobe zimakhala zotsika.

Mtanda ukapendekeka kapena sidelobe za mbali imodzi zikakwera kuposa za mbali ina:

1. Mbale zasemphana. Kabowo kodyetsera kakachoka pakati pa kachipinda, timabowo tinayi tija sitilandira mofanana. Popeza kachipinda kalikonse katalikirana ndi kanzake kuposa λ, kusiyana kulikonse kwa mkati mwake kumabwerezedwa pa antena yonse ndipo kumadzutsa grating lobe, mtanda wina wosafunika, kutali ndi pakati. Mukaona nsonga ziwiri kapena imodzi yaikulu kutali m'mbali, yambani ndi ma dowel.
2. Mpata ndi waukulu mbali imodzi. Theka limodzi la antena limalandira mphamvu ndi phase (nthawi yofikira funde, yoyezedwa m'madigiri) yosiyana ndi linalo. Pa 77 GHz, kusiyana kwa 0.1 mm m'utali wa njira ya ridge ndi pafupifupi madigiri 9.
3. Kabowo kamodzi katsekeka. Kaminga, guluu, kadontho ka zokutira. Ma T-junction, pamene njira imagawikana pawiri, a m'njira zimenezi alibe chotchinga pakati pa nthambi zake ziwiri, choncho mphamvu yobwerera kuchokera ku nthambi yodwala imalowa mwa inzake. Vuto la pamalo amodzi limaoneka ngati lafalikira.
4. Antena yodyetsedwa motsatana pa njira imodzi. Mtanda wake umasuntha frequency ikasintha. Umu ndi mmene imagwirira ntchito, yerekezani ndi chojambula pa frequency yomweyo.

Near-field scanner, makina oyeza mafunde pafupi ndi nkhope ya antena, imaonetsa chigawo chodwala mwachindunji. Ngati mulibe, gawani nkhope ya antena panayi, muziphimba chigawo chimodzi ndi absorber nthawi imodzi uku mukuyeza kutsogolo kwenikweni. Pa antena yabwino yodyetsedwa mofanana, chigawo chilichonse chimatsitsa mphamvu ndi pafupifupi 2.5 dB. Chimene chasiyana kwambiri ndi zinzake ndicho mutsegule. Musaphimbe ndi tepi yachitsulo, imabweza mphamvu m'kati n'kusokoneza zigawo zina.

Gain ikatsika koma maonekedwe a mtanda ali bwino, ganizani za kutayika kwa m'njira zogawa mphamvu, kenako radome, chophimba cha pulasitiki cha kutsogolo kwa antena. Radome yabwino imakhuthala theka la utali wa funde m'kati mwa pulasitikiyo. Ya PTFE pa 77 GHz ndi pafupifupi 1.35 mm. Pulasitiki ina, kukhuthala kwina, penti wokhala ndi zitsulo, kapena madzi pamwamba, zonsezi zimadya gain. Yezani radome ilipo ndi itachotsedwa.

## Fyuluta yasuntha

Kachipinda ka fyuluta kakakula, frequency imatsika ndi maperesenti ofanana. Kulakwitsa kwa 20 µm pa kachipinda ka 2.5 mm ndi maperesenti 0.8, omwe pa 77 GHz ndi pafupifupi 600 MHz. Band yonse ikasuntha osasintha maonekedwe, timazipinda tonse talakwika mofanana: chosemera, zokutira, kapena mpata. Maonekedwe akapindika, kachipinda kamodzi kapena polumikizira pamodzi ndiye pasiyana. Aluminiyamu amasunthanso fyuluta ya 77 GHz ndi pafupifupi 1.8 MHz pa digiri iliyonse ya kutentha, ndiye yezani chida chitazizira, osati chitangochoka m'manja kapena pafupi ndi amplifier (chokulitsa mphamvu ya mafunde).

## Chinali bwino, tsopano chasintha

1. Chinatsegulidwa n'kutsekedwanso. Litsiro pokhala chivindikiro, masikuluwu omangidwa mwa ndondomeko ina. Lembani torque ndi ndondomeko yomangira pa pepala la chidacho.
2. Kutentha. Aluminiyamu amafutukuka pafupifupi 23 µm pa mita pa digiri iliyonse. Mbale ya 100 mm kuchokera pa −40 kufika pa +85 °C, malire odziwika pa zida za magalimoto, imasintha pafupifupi 0.29 mm. Mbale zonse zikakhala za chitsulo chimodzi zimafutukukira limodzi. Imodzi ikakhala pulasitiki kapena PCB (bolodi la zamagetsi), zimakokana, zimapindika, mpata umasintha. Mankhwala ake ndi dowel imodzi m'bowo lozungulira ndi ina m'bowo lalitali, kuti mbale ziziyenda popanda kupindika.
3. Pulasitiki yafooka pansi pa masikuluwu. Pakapita miyezi, sikuluwu imamasuka yokha. Pafunika timapaipi tachitsulo m'mabowo kuti sikuluwu ikanikize chitsulo.
4. Chinyontho. Mpata umene umatchinga mafunde sutchinga mpweya. Usiku kukazizira, mame amatha kukhala pa msana wa ridge, ndipo madzi amamwa mafunde amenewa kwambiri. Chizindikiro chake ndi vuto lobwera m'mamawa n'kutha dzuwa likakwera. Gasket ikhale kunja kwa dera la timisomali, pakhale kabowo kopumira kotchinga madzi, ndipo mbale zizikhala pa chitsulo osati pa gasket, apo ayi gasket ndiyo idzalamulira mpata. Silikoni kapena girizi zisalowe m'kati.
5. Dzimbiri. Aluminiyamu wogundana ndi siliva, golide kapena kopa pali chinyontho amadyeka. Ufa woyera m'mphepete kapena zokutira zotupa ndi chizindikiro chake.

Pa chida chimene chili kale pa nsanja, musafulumire kuimba mlandu antena. Mvula yamphamvu imatsitsa E-band kwambiri, pa 60 GHz mpweya wa oxygen wokha umadya pafupifupi 15 dB pa kilomita, ndipo chogwirira chosunthidwa ndi mphepo ndicho chofala kuposa zonse.

## Amplifier ikuchita zachilendo chivindikiro cha timisomali chikaikidwa

Timisomali amatigwiritsanso ntchito ngati chivindikiro cha pamwamba pa PCB ndi ma MMIC (ma chip a mafunde aafupi), kuti mafunde asazungulire m'bokosi. Ngati magetsi amene chida chikukoka asintha mukangovindikira, kapena pa spectrum analyzer (makina oonetsa ma frequency otuluka) patuluka mizere yachilendo:

1. Amplifier ili ndi gain kunja kwa stopband, ndipo kumeneko timisomali sititchinga kanthu. Fufuzani kunja kwa band yanu, pansi ndi pamwamba pomwe.
2. Stopband inawerengedwa popanda PCB. Bolodi likakhala mumpata limatsitsa stopband.
3. Kamsomali kagunda capacitor, waya wa bond (wolumikiza chip ndi bolodi) kapena njira ya magetsi. Zimitsani msanga, onani zipsera pansonga.
4. Waya wa bond watalika. Pa 77 GHz, waya wa 0.2 mm wokha amakhala ndi reactance (kukana mafunde) yoyandikira 100 Ω.

## Apa imani, muitane katswiri

- Transmitter ili yoyaka. Musayang'ane m'kamwa mwa waveguide kapena kuika dzanja pa antena. Bowo la WR-12 ndi losakwana 5 mm², choncho 10 mW yokha pakamwapo ndi pafupifupi 2000 W/m². Malire a ICNIRP (bungwe lopereka malangizo a chitetezo ku mafunde otere) a 2020 a thupi lonse pa ma frequency amenewa ndi 10 W/m² kwa anthu wamba ndi 50 W/m² kwa ogwira ntchito. Maso ndiwo ali pangozi kwambiri. Zimitsani musanamasule flange.
- Zokutira zikusupuka. Musayese kukutira nokha. Madzi ambiri okutira golide ndi siliva amakhala ndi cyanide. Bwezani kwa okutira.
- Radar ya galimoto. Ndi yomata, ndipo imalumikizana ndi mabuleki. Siyotsegula. Ikasinthidwa kapena bampala ikagundidwa, iyenera kulozetsedwanso ndi zida za opanga galimotoyo.
- Chida chili pa nsanja. Akwere okhawo ophunzitsidwa, ndi malamba, ma transmitter oyandikana atazimitsidwa kapena kutsitsidwa.
- Mphamvu zazikulu kapena zida za setilaiti. Zipsera zakupsa pa msana wa ridge zikutanthauza kuti magetsi anadumpha mumpata. M'malo opanda mpweya mulinso multipaction, kuchulukana kwa ma electron odumphadumpha pakati pa mbale. Kuyeza kwake kumafuna labu yapadera.
- Mpata uli bwino, flange ili bwino, vuto likadalipo, kapena chidacho n'chomata moti simungaone m'kati. Pafunika X-ray CT kapena chipinda choyezera ma antena.
- Kusintha kungakhudze chiphaso. Radome ina kapena kamangidwe kena kamasintha mphamvu yotuluka ndi sidelobe, ndipo chidacho chingafunike kuyezedwanso ndi ovomereza.

Potumiza chida kwa opanga kapena ku labu, phatikizani mafayilo a Touchstone (osungidwa kuchokera pa VNA) a zimene munayeza, mtundu wa calibration ndi pamene inathera, miyezo ya mpata ndi malo amene munayeza, torque ndi ndondomeko ya masikuluwu, zithunzi za pa maikolosikopu, nambala ya gulu lomwe chidacho chinapangidwira, ndi kutentha kwa m'chipinda. Chida chodwalacho musachitsuke kapena kuchimanganso. Tumizani mmene chilili, pamodzi ndi chinzake chabwino cha gulu lomwelo ngati chilipo, ndipo mbale ya timisomali yotsegula isakulungidwe m'thovu kapena m'nsalu: ivindikirike ndi mbale yolimba yomangidwa ndi masikuluwu ake.